Munthu Wamkulu Akalephera Kudziyendetsera Zinthu: Phunziro la Woyang'anira Woikidwa ndi Khoti

Mwana wanga, wandifunsa funso limene anthu ambiri saliganizira mpaka tsiku loti vuto lagwa pakhomo. Wati: munthu wamkulu akadwala moti sangathenso kusunga ndalama zake, kusaina mapepala kapena kuzindikira chimene akugulitsa, ndani ali ndi mphamvu yomuchitira zimenezi? Funsoli ndi la kuno kwathu ku Raffingora, ndipo wachita bwino kulifunsa. Tiyambe ndi zosavuta, kenako tikwere pang'onopang'ono.

M'dziko muno la Zimbabwe munthu amakhala wamkulu pamaso pa lamulo akakwanitsa zaka 18. Lamulo limeneli linakhazikitsidwa mu 1982, ndipo silisiyanitsa mwamuna ndi mkazi. Munthu wamkulu amatsegula yekha akaunti ku banki, amagulitsa mbuzi yake, amasaina mgwirizano ndi kampani ya fodya, amalola kapena kukana chithandizo cha kuchipatala. Palibe m'bale amene angamulande mphamvu zimenezi chifukwa choti iye ndi wamkulu m'banja kapena ndi wophunzira kwambiri.

Gwira mfundo iyi, pakuti zonse zikubwerazi zatsamira pa iyo. Lamulo limayamba ndi kukhulupirira kuti mutu wa munthu wamkulu aliyense ukugwira ntchito. Amene akutsutsa ndiye ayenera kubweretsa umboni. Ukalamba si umboni. Kusadziwa kulemba si umboni. Kulephera Chingerezi kapena Chishona si umboni. Khungu, kugontha ndi kuyendera ndodo si umboni. Ngakhale kugwiritsa ntchito ndalama m'njira imene ana sakukondwera nayo, pakokha si umboni. Agogo amene agulitsa ng'ombe yawo kuti akaone manda a amayi awo ku Ntcheu akudziwa bwino chimene akuchita, ngakhale ana atadandaula chotani.

Nanga khoti limayang'ana chiyani? Limafunsa ngati munthuyo akumvetsa nkhani imene ili patsogolo pake, ngati akuona zotsatira zake, ndiponso ngati angathe kusankha yekha. Kumvetsa, kuona zotsatira, kusankha. Zitatuzi zikasowa chifukwa cha matenda, pamenepo ndiye timati munthu walephera kudziyendetsera zinthu.

Zifukwa zake n'zosiyanasiyana. Wina anabadwa ndi vuto la ubongo, ndipo wakula thupi koma sangawerenge chenji. Wina anavulala m'mutu pa ngozi ya thirakitala kapena m'migodi ya ku Mutorashanga. Wina wagwidwa sitiroko, ndiko kuti mtsempha wa magazi wa mu ubongo watsekeka kapena waphulika. Wina ali ndi matenda a maganizo amene amabwera n'kupita. Ndipo pali matenda oiwalaiwala a okalamba, amene madokotala amawatcha dementia.

Ndiime pang'ono pa matenda otsirizawa, chifukwa ndi amene timalakwira anthu kwambiri. Amayamba mwakachetechete. Agogo aika mchere kawiri m'ndiwo. Mawa afunsa za mwana amene anamwalira kalekale. Mkuja adzuka usiku, amanga kamtolo ka zovala, akuti akupita kwawo ku Dedza wapansi. Akapezeka m'bandakucha ali pakhomo pa eni ake, osavala bwino, anthu a pakomboni amathamangira kunena kuti mfiti yagwa. Mwana wanga, imeneyo si mfiti. Ndi munthu wodwala amene ubongo wake ukutha mphamvu, ndipo akufunika chofunda, phala ndi dokotala. Udziwenso kuti malamulo a dziko lino amaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti popanda chifukwa, ndipo wochita zimenezo angathe kuimbidwa mlandu.

Tsopano tione mmene makolo athu ankachitira. Kwathu ku Malawi, pakati pa Achewa, munthu wotere sankasowa womuyang'anira. Panali mwini mbumba, kawirikawiri atsibweni kapena mlongo wamkulu, amene ankayankha nkhani zonse za alongo ake ndi ana awo. Panali ankhoswe. Panali anyakwawa. Munda wa wodwala unkalimidwa, nkhokwe yake inkasungidwa, ndipo wofuna kudya zake ankachita manyazi chifukwa mudzi wonse unkaona.

Kuno zinthu zinayenda mwina. Agogo athu anachoka ku Nyasaland, ena ku Tete ndi ku Chipata, kudzagwira ntchito m'mapulazi a fodya, thonje ndi chimanga a ku Raffingora, Banket ndi Trelawney. Ambiri sanabwerere, n'chifukwa chake kumudzi ankawatcha matchona. Mbumba inatsala kutsidya kwa Zambezi. Pakomboni anthu anadzipangira ubale wina kudzera mu mpingo, mzikiti, dambwe ndi magulu othandizana pa maliro, ndipo ubale umenewo unasunga anthu ambiri. Koma kuyambira chaka cha 2000, pamene mapulazi anayamba kugawidwa, makomboni ambiri anabalalika. Ana anapita ku Harare, ku Chinhoyi, ena ku Joni. Lero sikovuta kupeza nkhalamba imene ilibe mtsibweni, ilibe mudzi wobwererako, ili ndi mdzukulu mmodzi yekha kapena mnansi wachifundo.

Usaganize kuti ndikunena kuti banja lililonse lokhala ndi wodwala lithamangire kukhoti. Ayi. Kusambitsa, kudyetsa, kuperekeza kuchipatala, zonsezi sizifuna chilolezo cha woweruza, ndipo mabanja ambiri amazichita bwino mpaka mapeto. Vuto limabwera pamene pali chuma cholembedwa m'dzina la wodwalayo. Banki sidziwa atsibweni. Bungwe la NSSA, limene lakhala likusunga penshoni za ogwira ntchito kuyambira 1994, limadziwa dzina ndi nambala ya mwini wake. Kampani ya fodya imalipira amene dzina lake lili pa mgwirizano. Onsewa amafuna pepala.

Tiyerekeze chonchi. Bambo wina anagwira ntchito zaka zambiri ngati kapitawo, anagula kanyumba ku Chinhoyi kamene amachititsa lendi, ndipo amalandira penshoni. Tsopano sitiroko yawalanda mawu ndi nzeru. Mwana wawo wamkazi akufuna ndalama zogulira mankhwala. Apita ku banki, abwezedwa. Mwana wamwamuna akuti nyumba igulitsidwe. Wina akukana. Bamboyo ali moyo, choncho palibe chamasiye choti chigawidwe, komanso iwo sangathe kunena chimene akufuna. Mpata umenewu, wa munthu amene ali moyo koma sangathe kudzilankhulira, ndi umene lamulo la woyang'anira limatseka.

Pano pali msampha umene ophunzira ambiri amakodwamo. Mwina unamvapo za kalata yopatsa mnzako mphamvu, imene maloya amaitcha power of attorney. Ndi chikalata chimene munthu wanzeru zake amasaina kuti wina azimuchitira zinthu, monga kutenga ndalama kapena kulandira lendi. Chikalatachi ndi chothandiza kwa munthu amene miyendo yafooka koma mutu uli bwino. Koma pa malamulo a dziko lino mphamvu yake imatha pamene mwini wake wasokonekera mutu, pakuti wotumidwa sangachite chimene womutumayo sangathenso kuchita yekha. Ndipo kugwira dzanja la munthu wosazindikira n'kumudinditsa chala pa pepala sikupereka mphamvu kwa aliyense. Chikalata chotero n'chopanda ntchito, ndipo wochita zimenezo angaimbidwe mlandu wachinyengo.

N'chimodzimodzi ndi foni. Ndikudziwa kuti m'nyumba zambiri mdzukulu ndi amene amasunga nambala yachinsinsi ya EcoCash ya agogo. Ngati agogowo akudziwa ndipo alola, palibe cholakwika. Koma akafika posazindikira, mdzukuluyo akuyenda pa njira yoterera, ngakhale mtima wake uli woyera. Tsiku lina abale adzafunsa kuti ndalama zinapita kuti, ndipo iye adzasowa chomuteteza.

Njira yoongoka ndi ya kukhoti. Khoti limene lili ndi mphamvu yolengeza kuti munthu wamkulu sangathe kudziyendetsera zinthu, n'kumuikira womuyang'anira, ndi Khoti Lalikulu. Kale anthu a kuno ankayenera kupita ku Harare, koma kuyambira 2021 Khoti Lalikulu lilinso ku Chinhoyi, ulendo wodzera ku Banket basi.

Lamulo limeneli ndi lakale kwambiri. Aroma, zaka pafupifupi 450 Yesu asanabadwe, analemba kale kuti munthu wosokonekera mutu ndi chuma chake aziyang'aniridwa ndi abale a kuchimuna. Malamulo a Aromawo anasakanikirana ndi a ku Holland, anafika ku Cape, ndipo dziko lino linatengera malamulo amene ankagwira ntchito ku Cape pa 10 Juni 1891. N'chifukwa chake mayina amene uwamve tsopano ndi a Chilatini. Lero nkhanizi zimayendetsedwa motsata malamulo akalewo pamodzi ndi Mental Health Act ya 1996, Administration of Estates Act, ndi malamulo oyendetsera Khoti Lalikulu a 2021.

Mayinawo ndi atatu, ndipo uwaloweze. Curator ad litem ndi munthu woimira wodwala pa mlandu wokhawo. Mlandu ukatha, ntchito yake yatha. Curator bonis ndi woyang'anira chuma: ndalama, nyumba, ziweto, ngongole. Curator personae ndi woyang'anira munthu mwini wakeyo: kumene azikhala ndi chithandizo chimene azilandira. Woimira pa mlandu, woyang'anira chuma, woyang'anira munthu. Wachitatuyu makhoti samuika chisawawa, chifukwa kulamulira thupi la munthu wamkulu ndi chinthu cholemera kuposa kulamulira chikwama chake.

Nkhani imayamba ndi munthu amene ikumukhudza, monga mkazi, mwamuna, mwana kapena m'bale. Iye amalemba pempho lolumbirira, ndiko kuti kalata imene amasaina atalumbira kuti zonse zili m'menemo n'zoona. Amafotokoza ubale wake ndi wodwalayo, zimene waona ndi maso ake, chuma chimene chilipo, ndi abale ena amene ayenera kudziwa. Pamwamba pa izi pamafunika malipoti a madokotala amene amuyeza wodwalayo, makamaka dokotala wa matenda a maganizo.

Woweruza sathamangira kupereka chimene chapemphedwa. Poyamba amaika woimira wodwala uja, amene kawirikawiri amakhala loya wosakhudzidwa ndi banjalo. Loyayu amapita kukamuona wodwalayo, kucheza naye, kufunsa abale ndi madokotala, kenako n'kulemba lipoti. Ona chilungamo chimene chili apa. Munthu amene akunenedwa kuti sazindikira amapatsidwa womulankhulira wakewake, kuopa kuti angalandidwe ufulu ndi anthu amene amangofuna nyumba yake.

Apa m'pamene chilankhulo chimakhala nkhani yaikulu kwa ife. Nkhalamba zambiri zikayamba kuiwala zimataya zilankhulo zimene zinaphunzira zitakula, n'kutsala ndi cha paubwana. Agogo amene ankalankhula Chishona bwinobwino angathe kungoyang'ana akafunsidwa m'Chishona, koma n'kuyankha molongosoka akafunsidwa m'Chichewa. Ngati dokotala kapena loya sadziwa zimenezi, adzalemba kuti munthuyu sakumva kanthu. Malamulo aakulu a dziko lino a 2013, pa ndime 6, amaika Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka. Choncho kupempha womasulira si kupempha chifundo. Iwe amene umadziwa zilankhulo zonse ziwiri, usadzalole kuti agogo ayesedwe nzeru m'chilankhulo chimene chawathawa.

Malipoti onse akafika, pali mkulu wina amene amaperekanso maganizo ake. Ameneyu ndi Master wa Khoti Lalikulu. Iye si woweruza, koma ndi mkulu wa ofesi imene imayang'anira chuma cha anthu omwalira, cha ana amasiye, ndi cha akuluakulu amene sangathe kudzisamalira. Woweruza akakhutira, amalengeza chigamulo, amatchula woyang'anira, ndipo amalemba mphamvu zimene wamupatsa. Zimene sizinalembedwe, sanapatsidwe.

Tsopano tafika pamtima pa phunziro lathu. Woyang'anira si mwini chuma. Ndibwerezenso: woyang'anira si mwini chuma. Ali ngati mbusa woweta ng'ombe za eni ake, amene amazitsogolera kudambo ndi kuziteteza, koma madzulo amayenera kuzibweza m'khola zitakwanira, mwini wake akuwerenga. Chuma chikadali cha wodwalayo, ndipo ndalama iliyonse iyenera kugwira ntchito yothandiza iyeyo.

N'chifukwa chake lamulo limamumanga woyang'anira ndi zingwe zingapo. Amalemba mndandanda wa katundu yense n'kuupereka kwa Master. Kawirikawiri amapereka chikole, kuti akasakaza chumacho pakhale pobwezera. Ndalama za wodwala sazisakaniza ndi zake. Chaka ndi chaka amapereka lipoti la zimene zalowa ndi zimene zatuluka. Nyumba sangaigulitse mwa kufuna kwake popanda chilolezo. Sangadzikongoze ndalamazo kuti akagulire feteleza wa m'munda mwake, ngakhale atalumbira kuti adzabweza akagulitsa fodya.

Ntchito yeniyeni ya woyang'anira wabwino imaoneka mu kabuku. Ndi kope wamba la kusukulu, lolembedwa mizere iwiri. Kumanzere: lendi ya mwezi uno, penshoni ya mwezi uno. Kumanja: mankhwala a kuthamanga kwa magazi, sopo, shuga, ndalama ya basi yopita ku chipatala cha ku Chinhoyi, malipiro a mayi amene amachapa zofunda. Malisiti amawasunga m'kachitini kapena m'jumbo, osataya ngakhale kakang'ono. M'bale akabwera ndi mkwiyo kuchokera ku Joni, woyang'anira sakangana naye. Amangotsegula kabukuko. Ngakhale banja limene silinapite kukhoti lichite zimenezi, pakuti kabuku kotere kamateteza wodwala ndi womusamalira yemwe.

Palinso zinthu zimene woyang'anira sangachite ngakhale atapatsidwa mphamvu zochuluka. Sangalembe wilo m'malo mwa wodwala. Sangamukwatitse kapena kumukwatiritsa. Zimenezi n'za mwini wake yekha, ndipo akalephera kuzichita ndiye kuti sizichitika.

Ndikuuze zoona pa za mtengo wake. Njira imeneyi ndi yodula. Pali loya wolemba pempho, loya woimira wodwala, madokotala, maulendo. Zambiri mwa ndalamazi zimachokera m'chuma cha wodwala yemweyo. Kwa munthu amene ali ndi nyumba, kapena amene walandira chipukuta misozi chachikulu pa ngozi, njirayi ndi yoyenera. Koma kwa nkhalamba ya pakomboni imene chuma chake ndi kapenshoni kochepa ndi nkhuku zisanu, mlandu ungathe kudya zonse zimene umafuna kuteteza. Ine ndimaona kuti apa lamulo silinawaganizire mokwanira anthu osauka. Banja lotere liyambe lafunsa ku ofesi ya boma yoona za chisamaliro cha anthu, ku bungwe lolipira penshoniyo, ku Legal Aid Directorate imene ndi nthambi ya boma yothandiza osowa loya, kapena ku Legal Resources Foundation, lisanagulitse mbuzi kuti lilipire mlandu.

Tikwere sitepe yotsiriza, imene ndi yovuta kuposa zonse. Chida chotetezera munthu chingathenso kumupweteka. Ku America woimba wotchuka Britney Spears anaikidwa m'manja mwa oyang'anira, mmodzi mwa iwo bambo ake, kuyambira 2008 mpaka 2021. Kwa zaka zambiri pa nthawiyo ankaimba ndi kupanga ndalama zambiri, koma analibe ulamuliro pa chuma chake, mpaka pamene anadandaula yekha pamaso pa woweruza ndipo khoti linathetsa dongosololo. Ngati zinatenga zaka 13 kwa munthu wodziwika dziko lonse, ganizira za mayi wa papulazi amene sadziwa ndi khomo la khoti lomwe.

Chifukwa cha nkhani zotere, maganizo a dziko lapansi akusintha. Mu 2006 bungwe la United Nations linavomereza pangano la ufulu wa anthu olumala, limene Malawi analowamo mu 2009 ndipo Zimbabwe mu 2013. Ndime 12 ya panganolo imati anthu olumala ali ndi ufulu wodziimira pamaso pa lamulo mofanana ndi wina aliyense, ndipo mayiko aziwapatsa thandizo loti agwiritse ntchito ufuluwo. Tanthauzo lake ndi lakuti tisanafunse kuti ndani amusankhire, tiyambe tafunsa kuti tingamuthandize bwanji kuti asankhe yekha.

Ine ndikugwirizana nazo zimenezi. Kulephera sikubwera konse nthawi imodzi. Munthu angalephere kuwerengera ndalama za fodya koma n'kudziwa bwino kuti akufuna kukhala kwa mwana uti, kupemphera kuti, ndi kudzaikidwa kuti. Wina amasokonekera madzulo koma m'mawa mutu uli mbee. Woyang'anira wabwino amadikira m'mawawo n'kufunsa kuti, "Agogo, denga likudontha, tigule malata kapena tidikire?" Ndipo akamva yankho amalilemekeza ngati silikuwavulaza. Mphamvu imene khoti lapereka igwiritsidwe ntchito pamene yafunikira pokha.

Udindo umenewu uli ndi mathero ake. Wodwala akachira, iye mwini kapena wina angapemphe khoti kuti limumasule, ndipo madokotala akachitira umboni, ufulu wake umabwerera wonse. Woyang'anira akaba kapena akanyalanyaza ntchito, m'bale aliyense angakadandaule kwa Master, ndipo khoti lingamuchotse. Wodwala akamwalira, mphamvu ya woyang'anira imathera pomwepo. Chumacho chimasanduka chamasiye ndipo chimayenda m'njira ina, ya wogawa chuma cha womwalira. Kukhala woyang'anira sikumupatsa munthu gawo lalikulu pa chamasiye.

Pali chinthu chimodzi chimene chimagwetsa nkhani za anthu athu zisanayambe n'komwe, ndicho mapepala. Agogo ambiri alibe kalata yakubadwa. Ena chitupa chawo chinalembedwa kuti ndi mlendo, makamaka malamulo a unzika atasinthidwa mu 2001. Ena dzina la pachitupa likusiyana ndi la ku penshoni, chifukwa kalaliki wa papulazi analemba mmene anamvera. Udziwe kuti ndime 43 ya malamulo aakulu a 2013 imati munthu wobadwira muno malamulowo asanakhazikitsidwe, amene kholo lake linali nzika ya dziko la SADC monga Malawi, Mozambique kapena Zambia, ndipo iye ankakhala muno, ndi nzika yobadwira. Koma ufulu umenewu umafunika kuutsatira ku ofesi yolembetsa anthu mwini wake akadali ndi mphamvu zoyenda ndi zoyankha mafunso.

Choncho ntchito yako yakunyumba ndi iyi, mwana wanga. Ukakhale pansi ndi agogo ako mutu wawo ukadali bwino. Ukawapemphe mwaulemu kuti muonere limodzi chitupa chawo, khadi la penshoni ndi mapepala ena onse, ndipo ukaone ngati mayina akufanana. Ukawafunse mayina a abale awo ndi kumene ali, mudzi wa kwawo ndi mfumu yake. Ukawafunsenso kuti tsiku lina akadzafooka angakonde kuti ndani adzawasungire zinthu zawo, ndipo yankho lawo alinene pamaso pa abale ena, iwe ukulemba m'Chichewa chawo chomwecho. Lolemba ubwere nazo zimene walembazo, tidzazione pamodzi.